Tsiku Limene Ndinadzilemba Ganyu

Anthu a pa Golomoti amandiseka mpaka lero kuti ine ndi munthu yekhayo amene anakwera ndege kupita ku America kukadzilemba yekha ganyu. Ndimawasiya aseke, pajatu sanama. Chimene sadziwa n'chakuti m'nkhani imeneyi muli mayi wina amene ndinatsala pang'ono kumuphera ntchito yodyetsera ana ake, chifukwa cha matama anga.

Mawu akuti ganyu ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Chaka china cha njala, ndevu zitangoyamba kumera, ndinalima masiku anayi m'munda wa thonje wa bambo wina cha ku Mtakataka, malipiro ake mbale ya madeya. Bamboyo ankayeza ndime ndi miyendo yake yaitali, akatero n'kukakhala pansi pa mtengo wa masawu, ife tikuphulika misana padzuwa. Tsiku lomaliza anati mizere iwiri sindinakwezere bwino, n'kutapako madeya aja dzanja limodzi ine ndikuona. Ndikubwerera kwathu ndinalumbira kuti tsiku lina wokhala pansi pa mtengo ndidzakhala ine.

Mwayi wa ku America unabwera ngati nthabwala. Mnzanga wina wa kwaya, mphunzitsi wa ku Mua, anandilembetsa pa kompyuta m'mayere aja opatsa anthu chitupa chokhalira kumeneko. Ine ndinaiwalako n'komwe. Tsiku limene anatulukira pamsika akupalasa njinga ngati wathawa njuchi, n'kundiuza kuti dzina langa latuluka, abale inu, ndinavina pakati pa msewu wa tala mpaka maminibasi kuyamba kundiimbira hutala. Tinagulitsa mbuzi zonse, amalume anapereka ng'ombe. Mlongo wanga wamng'ono, Velonika, ndi amene anandisenzera chikwama mpaka pa siteji, akuseka njira yonse kuti ndikakafika ndikamutumizire nsapato za gogoda.

Kumeneko ndinafikira m'nyumba ya amuna asanu, Amalawi anayi ndi Mzambia mmodzi, ndipo mawa lake lomwe anandipezera ntchito pa kampani yotchetcha kapinga. Ndinaseka mpaka misozi. Anthu kulipira ndalama zenizeni kuti muwadulire udzu, udzu woti palibe ngakhale mbuzi imodzi yodzaudya! Nyengo yozizira ikafika tinkakokolola chipale chofewa chija m'makomo mwa anthu, zala zitauma gwa, munthu wobadwira kotentha ngati ine ndikulira mayi wanga m'kati mwa majekete atatu. Unali ganyu yemwe uja, kungoti wa madola. Koma madolawo ankagwira ntchito. Patapita zaka zingapo ndinagula chigayo pa Golomoti, Velonika n'kumachiyendetsa, ndipo anzanga a m'nyumba aja anatopa nane chifukwa nkhani iliyonse ndinkaikhotetsera ku chigayo changa.

Kenako ndinagula makina anga otchetchera ogwiritsidwa kale ntchito, ndi kagalimoto ka bokosi kokhosomola. Makasitomala anayamba kubwera okha, wina kuuza mnzake. Tchalitchi china chachikulu chinafuna kundipatsa bwalo lake lonse, koma chinati chimagwira ndi makampani olembetsa ku boma basi. Apa ndi pamene anzanga anandilozera kwa a Naphiri.

A Naphiri anali mayi wa ku Bembeke, wamasiye, wa ana awiri. Anali ndi kachipinda kuseri kwa saluni yoluka tsitsi, m'mene ankalembera anthu mafomu a msonkho, ndipo ntchito yawo inali imeneyo basi. Tsiku loyamba anandifunsa mfunda wanga. Nditati Phiri, anaimirira, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti ndiye kuti apeza achimwene awo. Chichokereni tsiku limenelo ine ndinali achimwene, iwo achemwali. Ndinkawanyoza kuti anthu a kumtunda amakula ndi kachewere yekha, n'chifukwa chake chisanu cha ku America sichiwaluma. Iwo ankabweza kuti ife a kuchigwa dzuwa linatiwotcha nzeru. Munthu akabwera kuchokera kumudzi ndi usipa wouma, phukusi loyamba linkapita kwa iwo. Za ndalama ya ntchito yawo sitinakambepo, ndipo ine sindinaone chachilendo, poti mlongo wako sumufunsa mtengo.

Tsiku limene pepala la kampani linatuluka sindidzaliiwala. Ndinalembetsa dzina pa chitseko cha kagalimoto kaja ndi penti wobiriwira, n'kukazungulira nako tauni yonse popanda kumene ndikupita. Ndinalemba ntchito munthu, bambo wa ku Mangochi dzina lake Yusufu, wamkulu ngati ine ndemwe, ndipo ndinkamulipira mlungu uliwonse mosaphonya. Ine mwana wa madeya uja, kulipira munthu! Ndinkayenda ngati pansi pali masipuling'i.

Nyengo ya msonkho itakwana, a Naphiri anandikhazika pansi ndi mafomu. Analemba za Yusufu, za mafuta, za makina. Kenako anakweza mutu.

“Nanga salale yanu tilembe zingati, achimwene?”

“Salale ya ndani?”

“Yanu. Inunso mumagwira ntchito pa kampaniyi.”

Ndinaganiza kuti akundiseka. Anandifotokozera modekha kuti pa kampani ya mtundu wathuwu, ndalama zimafika kwa mwini kudzera makomo awiri. Khomo lina ndi la salale, ndipo pamenepo boma limadulapo msonkho wa penshoni ndi chipatala cha okalamba. Khomo lina ndi la phindu, kumene msonkho umenewo sudulidwa. Eni makampani ambiri amakonda kudutsitsa zonse pa khomo la phindu, choncho lamulo limati mwini amene akugwira yekha ntchito azidzilipira kaye salale yoyenera ntchitoyo, zotsalazo ndiye zitchedwe phindu. Anawonjezeranso kuti wolemba mafomu amasaina m'munsi, ndipo akasaina chinthu chimene akudziwa kuti sichikumveka, chindapusa chimamugweranso iyeyo.

Zonsezi zinalowa khutu ili n'kutulukira linali. Ine sindinkafuna kuzemba msonkho, Mulungu ndi mboni. Chimene chinandiwawa ndi mzere umene dzina langa likanakhala: pansi pa dzina la Yusufu, pa mndandanda wa antchito. Ndinawauza kuti kwathu mwini munda salandira ganyu m'munda mwake, mwini bwato sapatsidwa gawo la alovi, amangodya zake. Ndinati ndavutika zaka zonsezi kuti ndichoke pa mzere umenewo, ndiye lero mlongo wanga yemwe andibwezerepo ndi cholembera? Ndinalankhula mpaka thovu, ndipo pomaliza ndinatulutsa mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka pano. Ndinati ngati ndilidi achimwene awo, alembe ziro.

Analemba ziro, n'kusaina. Chaka chotsatira anayesanso kundichonderera, ine n'kuimba nyimbo yomwe ija, iwo n'kusainanso.

Makalata anabwera awiri mlungu umodzi, ina kwa ine, ina kwa iwo. Yanga ndinaiponya m'galimoto osatsegula. Masana ena ndikutchetcha pa tchalitchi paja, foni inalira, a Naphiri akuti ndibwere msanga. Ndinawapeza atatseka chitseko, anthu odikira atawabweza. Anandiwerengera kalata yawo m'Chichewa, mawu amodziamodzi. A ofesi ya msonkho anaona kampani yopanga phindu, wantchito mmodzi, ndi mwini wosalandira kanthu zaka ziwiri. Ine ankafuna ndilipire msonkho umene unatsalira. Koma iwo, monga wosaina, ankayenera chindapusa pa fomu iliyonse, ndipo nkhani ikakula ankatha kuletsedwa kulembera munthu aliyense mafomu. Kachipinda kaja ndi kamene kankalipira lendi ndi kudyetsa ana awiri aja.

“Ndinkadziwa kuti n'zolakwika,” anatero. “Ndinasaina chifukwa munati ndinu achimwene.”

Sanakweze mawu, ndipo chimenecho ndi chimene chinandilasa. Akanandilalatira bwenzi ndikupeza poyankhira. Ndinachita manyazi ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku ya eni m'malaya. Ndinafunsa chimene tingachite. Anati njira ndi imodzi: tipeze salale yoyenera, tikonze mafomu a zaka ziwiri zija, ndilipire zotsalira, kenako tikaonekere ku ofesiko tisanachite kukokedwa. Nditafunsa kuti salale yoyenerayo timaidziwa bwanji, anandipatsa funso loti ndikagone nalo.

“Mutati mwathyoka mwendo mawa, munthu wachilendo woti agwire zonse zimene mumagwira inu mungamulipire zingati?”

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro ndinamuuza Yusufu funso lija. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti ndiye kukhale kunenerera ganyu ngati kwathu, bwana uku, waganyu uku, iye akhala mboni. Anatsitsa zigubu ziwiri za mafuta m'galimoto n'kuziika moyang'anizana pa kapinga wa tchalitchi. Tinagwirizana kuti ndikavala chipewa ndine bwana, ndikavula ndine waganyu.

Ndinayamba ndi chipewa kumutu. Bwana anatchula kamtengo kakang'ono, kochepera ngakhale ka Yusufu, akuti pajatu kampani ikadali yaing'ono. Ndinavula chipewa, kulumphira pa chigubu chinacho, ndipo abale, waganyu amene anatuluka m'kamwa mwanga sindinkamudziwa. Anali wovuta ngati mavu! Anati tiyeze kaye ndime. Wotchetcha kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndani? Ine. Woyendetsa galimoto? Ine. Wonola mipeni ya makina, wokonza injini ikafa, woyankha foni, wopepesa kwa kasitomala maluwa ake akadulidwa? Ine ndemwe. Nanga wodzuka kukakokolola chipale anthu asanapite kuntchito? Yusufu ankangomenya chigubu ndi dzanja, akuti “Muuzeni, muuzeni bwanayo.” Mayi wina wachizungu wodutsa ndi galu wake anaima kutionerera, galuyo n'kuyamba kuuwa.

Ndinavalanso chipewa. Bwana anayamba kupezera zifukwa: mwezi watha unachedwa kawiri, bwalo la kwa adokotala sunamalize m'mphepete. Ndili pakati pa mawu amenewo ndinazindikira kanthu. Mawuwo sanali anga. Anali a bambo wa ku Mtakataka uja ndi mizere yake iwiri. Ndiye kuti lumbiro langa linakwaniritsidwa ndithu: ndinakhala munthu wa pansi pa masawu, ndipo woyamba kumutapira madeya ndinali ine ndemwe. Zaka ziwiri zathunthu munthu kugwira ntchito ngati bulu, osaikiridwa ngakhale kakobidi ka penshoni. Ndinavula chipewa chija n'kuchiponyera m'galimoto, ndipo waganyu anapambana mlandu.

Ndinathamangira kwa a Naphiri ndi mtengo wanga nditaulemba pa katoni ya mafuta, ndikupuma ngati ndawina mpira. Sanautenge choncho ayi. Anafufuza zimene makampani ena a m'tauni imeneyo amalipira akapitawo a ntchito ngati yanga, anawerenga maola anga a chilimwe ndi a chisanu, n'kutsitsako pang'ono, poti waganyu uja anali atanyanya. Zonse anazilemba papepala ndi zifukwa zake. Zotsalira za msonkho zinandidyera ndalama zimene ndinkasungira galimoto yatsopano, koma ndinalipira osang'ung'udza.

Ku ofesi ya msonkho tinapeza mayi wa magalasi, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anafunsa amene amagwira ntchito pa kampani. Ndinangomutambasulira zikhatho zanga, iye n'kugwedeza mutu. Ndinayesa kumufotokozera za ganyu ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, za madeya, za mtengo wa masawu. Sindikudziwa ngati anamva. Kenako ndinafuna kupulumutsa mlongo wanga. Ndinaimirira n'kunena kuti mayi awa alibe mlandu, anandichenjeza kawiri konse kuti ziro ndi yolakwika, wokakamira ndinali ine.

Ndinamva nsapato ya a Naphiri ikundiponda chala pansi pa tebulo. Mayi wa magalasi uja anasiya kulemba, n'kutembenukira kwa iwo, n'kufunsa ngati n'zoona kuti anasaina akudziwa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndawaponya m'dzenje ndi manja anga. Kwathu ukanena kuti wamng'ono anangomvera wamkulu, mlandu umachoka pa iye. Kumeneko mawu omwewo ndi amene anali umboni wowamanga.

A Naphiri sanazembe. Anati n'zoona, anadziwa, anasaina chifukwa cha ulemu wa kwathu, ndipo sizidzachitikanso. Anakankhira kutsogolo mafomu okonzedwa aja ndi lisiti la zimene ndinalipira. Mayi uja anatiuza kuti yankho libwera pa kalata.

Milungu imene tinadikira ija ndinaonda. Ndinkadutsa dala pa saluni paja tsiku lililonse kungoona ngati kachipinda kaja kali kotsegula. Tsiku lina foni inalira ndili pamwamba pa makina. Chindapusa chinalipo, chowawa ndithu, chokulirapo chifukwa cha pakamwa panga. Koma popeza aka kanali koyamba ndipo tinakonza tokha, sanawaletse ntchito. Ndinakuwa mpaka Yusufu anathamanga kuganiza kuti mpeni wandidula. Ndinazungulira bwalo la tchalitchi katatu ndi makina, ndikuimba nyimbo ya Pasaka, kapinga n'kutuluka mizere yokhotakhota.

Mlungu womwewo ndinalandira salale yanga yoyamba. Cheke chake ndinasaina ndekha m'munsi ngati bwana, pamwamba pali dzina langa ngati wolandira. Ndinapita nacho kwa a Naphiri n'kuchiika patebulo, kuti chithandize pa chindapusa. Anachikankha ndi chala. Anati chindapusa n'chawo, chifukwa dzanja losaina linali lawo. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lina: mtengo wa ntchito yonse imene anandigwirira chiyambire tsiku lolembetsa kampani.

“Usipa uja unali wokoma, achimwene, koma mwini nyumba ino salandira usipa. Kunja kwa chitseko icho ndinu achimwene. Mukalowa muno ndinu kasitomala.”

Ndinaseka, koma kuseka kwake kwa munthu wopondedwa pachilonda. Cheke chija chinathera pomwepo, ndipo chinaperewera.

Ndinakhalanso kumeneko zaka zambiri, ndikudzilipira mwezi ndi mwezi, mpaka maondo anayamba kukana chisanu. Kampani ndinamugulitsa Yusufu. A Naphiri ndinawasiya ali ndi ofesi yoyang'ana kumsewu, ndipo Yusufu ananditumizira uthenga kuti tsiku loyamba lomwe a Naphiriwo anamufunsa salale yake.

Pobwera ndinatsika mtsetse wa Khwekhwelere mtima ukudumpha ngati mwana wa mbuzi. Kutentha kwa kuchigwa kutandimenya kumaso ndinauza dalaivala atsegule mawindo onse. Sindinafikire kunyumba, ndinalunjika ku chigayo changa chimene ndinkangochionera pa foni. Injini inkalira, azimayi ali pa mzere ndi matumba. M'katimo munatuluka mayi wowonda, woyera ufa kuyambira kumpango mpaka kumapazi, akukhosomola. Anali Velonika. Ndinachoka ndikumuti iwe Velo. Tsiku limenelo pakamwa panga panakana, ndinapezeka ndikuti inu.

Anandilandira bwino, koma kuseka kuja kwa pa siteji kunalibe. Anazimitsa injini, n'kundipatsa makiyi ndi manja awiri, n'kunena kuti chuma chanu ndi ichi, chonse chili bwino. Anandionetsa malata atsopano, nyumba ya mayi imene chigayo chinamanga, ana a achimwene athu ena amene chinawaphunzitsa. Kuphazi anali ndi patapata wosokedwa ndi waya. Ndinafunsa kuti nanga iwo ankalandira zingati pamwezi.

“Kulandira kwa ndani? Si chigayo cha pakhomo?”

Mawu ake anali anga aja a m'kachipinda ka a Naphiri, kungoti ine ndinkawanena ndi matama, iye ndi kutopa. Zaka zonsezo ndinkadzitama kuti ndinaphunzira kulipira waganyu wanga, pamene wina ankameza fumbi la ufa pa chigayo changa popanda ngakhale mbale ya madeya.

Ndinatulutsa zigubu ziwiri za dizilo n'kuziika pamthunzi wa masawu ali kuseri kwa chigayocho. Ndinamukhazika pa china, ine pa china, chipewa kumutu. Ndinamufunsa kuti atati wadwala mawa, munthu wachilendo woti atsegule m'mawa, ayendetse injini, agule dizilo, akangane ndi amakanika ndi kusunga ndalama popanda kubapo, tingamulipire zingati. Poyamba anakana, akuti n'zochititsa manyazi pachibale. Ndinamuuza za chigubu cha pa kapinga, za galu wouwa, za nsapato ya a Naphiri. Anayamba kumwetulira, kenako kuseka kuja kunabwerera, kwa pa siteji kwenikweni. Anayeza ndime yake mosasiya kanthu, n'kutchula mtengo. Unali woyenera. Ndinavomera msanga, n'kufunsa ngati tiyambire mwezi womwewo.

“Ayi achimwene. Tiyambire tsiku limene injiniyi inalira koyamba.”

Ndikulipirabe mpaka lero, ndipo kapenshoni kanga ka ku America kamathera kumeneko. Mukadzadutsa pa Golomoti masana, bambo amene adzatuluke m'chigayo atayera ufa mpaka nsidze ndine. Velonika mudzamupeza pansi pa masawu, atavala nsapato za gogoda.